LOYA NDI NKHANI ZA MALO ATHU

Mawu amene Mlembi wa Nthambi analankhula pa msonkhano wa mamembala



Komiti yatituma kuti tilankhule lero za nkhani imene yakhala ikubuka pa msonkhano uliwonse wa nthambi yathu, ndiyo nkhani ya malo. Ena mwa inu mwafunsa kuti, "Kodi munthu wa kumudzi angathe kulemba loya?" Enanso mwati loya ndi wa anthu achuma ndi wa akuba, munthu wosalakwa samfuna. Tsono yankho la komiti ndi ili: pali nkhani za malo zimene zimatha bwino pa bwalo la mfumu popanda loya, ndipo pali zina zimene munthu akazilowa yekha amatuluka wopanda munda. Pa nkhani zachiwirizi, nthawi yofuna loya ndi pamene chala chisanadindidwe pa pepala ndiponso ndalama zisanachoke m'thumba. Ambiri a ife timamkumbuka madzi atafika kale m'khosi.

Tiyeni tiyambe takumbutsana za kale, pakuti akuluakulu amene ali pano anazimva kwa makolo awo. Malo ambiri a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre anachoka m'manja mwathu ndi pepala. Kuyambira chaka cha 1892, Harry Johnston, mkulu wa Boma la Atsamunda, anayamba kupatsa Azungu zikalata zotchedwa Certificate of Claim, zotsimikiza kuti malo akutiakuti anawagula kwa mafumu. Mtengo wake unali nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mfumu inkayesa kuti yapatsa mlendo polima, monga umo timachitira ndi mlendo aliyense. Pepala linkati yagulitsa dziko mpaka muyaya. Mwa njira imeneyi maekala oposa 3 miliyoni analowa m'manja mwa alendo.

Koma tamvani ichi, chifukwa ambiri sachidziwa. M'zikalata zambiri zija munali mawu otiteteza, onena kuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Mu 1903 mlandu unafika ku khoti lalikulu pakati pa mkulu wa Boma woyang'anira za anthu akuda ndi kampani ya Blantyre and East Africa. Kampaniyo inavomeretsa mafumu pangano lakuti anthu awo azikhala pa malowo ngati obwereka, nazilipira ndi thukuta lawo. Woweruza Nunan anagamula kuti panganolo linali lokondera mbali imodzi, nalikana. Komabe anthu sanapume. Panalibe amene analemba kuti midzi yoyamba inali iti ndi kuti minda yake inalekeza pati, kotero mudzi ukasendera pang'ono kutsata nthaka yachonde, eni esiteti ankati chitetezo chija chatha. Thangata linakhalabe mpaka 1962. Zaka zonsezo mawu otithandiza anali m'pepala, koma wowawerenga ndi kuwaimirira m'malo mwathu panalibe. Loya woyamba mwa ana a dziko lino, Orton Chirwa, anatsiriza maphunziro ake ku London mu 1958.

Lero maloya athu alipo, ana obadwira m'midzi yonga yathu ino, ambiri a iwo ophunzira ku Zomba. Nalonso pepala silinaleke kudya minda. Chimene chasintha ndi wobwera nalo: tsopano ndi kampani yofuna malo obzalapo mitengo, kapena munthu wa m'tauni wofuna puloti m'mbali mwa msewu, kapena dobadoba amene amadziwa wogula ndi wogulitsa koma alibe ngakhale ndime imodzi yakeyake.

Tisanapite patali tichotsepo nkhani zosafuna loya. Kukangana malire ndi mnzako wa m'mudzi, mkamwini amene akukana kusiya munda wa eni mbumba, dimba limene munabwereketsa ndipo wobwerekayo wayamba kulitcha lake, zonsezi ndi za ankhoswe, mwini mbumba, nyakwawa ndi gulupu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linati pa gulupu aliyense pakhale komiti ya malo, gulupuyo ali wapampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo mwa iwo osachepera 3 akhale amayi. Linaikanso bwalo la milandu ya malo kwa mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wokadandaula ku bwalo la pa boma. Munthu wothamangira kwa loya chifukwa cha mizere iwiri ya chimanga adzatsiriza mbuzi zonse m'khola, nadzabwerera kudzakhala moyandikana ndi mnzake yemweyo, amene adzamfunanso tsiku la maliro. Inu amayi, mipando yanu ija ya m'komiti musamaisiye chifukwa cha manyazi, pakuti kuno kwathu minda yambiri imayenda ndi mbumba.

Zinthu zimasintha pakabwera lizi, kampani, banki, kapena mlendo wonyamula pepala lotayipa m'Chingerezi. Tiyerekeze kuti mwana wanu wa ku Joni watumiza ndalama kuti mumgulire puloti pafupi ndi msika. Wogulitsa akuonetsani chikalata chokhala ndi chidindo, inu mukuona kuti n'chokongola, mboni zilipo ziwiri. Kodi mwadziwa bwanji kuti dzina lili pamenepo ndi la mwini wake weniweni? Apa ndi pamene pali ntchito ya loya. Iye amapita ku ofesi ya za malo, monga ya ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, nakafufuza m'kaundula. M'menemo amaona dzina la mwini malo. Amaona ngati malowo anaperekedwa chikole ku banki pa ngongole imene sinabwezedwe, chifukwa mukagula malo otere banki idzawagulitsa inu muli m'nyumba. Amaona ngati munthu wina anaikapo kale chenjezo loletsa kuwagulitsa, ndiponso ngati lendi ya Boma ya chaka ndi chaka yakhala ikulipidwa. Amawerenganso zaka zotsala pa liziyo, pakuti malizi a minda kawirikawiri amakhala a zaka 21 ndipo a nyumba a zaka 99, ndipo munthu angathe kukugulitsani lizi imene yatsala ndi dzinja limodzi. Akakhutira amalemba pangano, napempha chilolezo cha Boma chosinthira dzina, naonetsetsa kuti dzina latsopano lalowa m'kaundula. Tonse tamvapo za puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu atatu, aliyense ali ndi lisiti m'manja. Atatu onsewo anasunga ndalama ya loya, nataya ya puloti.

Funso loyamba lomfunsa loya ndi lakuti, "Kodi malo amenewa lamulo likulola kuti agulitsidwe?" Malamulo a za malo anasinthidwa mu 2016, nasinthidwanso mu 2022, ndipo zimene munthu anamva kwa kalaliki zaka khumi zapitazo mwina sizigwiranso ntchito. Mafumu athu atikhululukire tikanena poyera kuti kalata ya mfumu ndi umboni wolemekezeka pa mudzi, koma si lizi, ndipo malo a makolo mfumu imawasunga m'malo mwa anthu ake. Dziwaninso kuti loya sayeza malo. Kuyeza ndi kukhoma miyala ya malire, imene ambiri amati mabikoni, ndi ntchito ya woyeza malo wovomerezeka ndi Boma, ndipo ameneyo ali ndi malipiro akeake.

Pamene wofuna malo ndi kampani, tichenjere koposa, chifukwa iyo imabwera ndi loya wake wokonzeka kale. Loya wa wogula si loya wanu, ngakhale akupatseni mpando ndi tiyi. Akati, "Musavutike, pepala talemba kale, inu mungodinda chala," yankhani mwaulemu kuti pepalalo mulitenga likawerengedwe ndi wanu. Munthu wa zolinga zabwino sakana kudikira sabata imodzi. Wanuyo akuwerengereni m'Chichewa mzere ndi mzere pamaso pa anthu, ndipo mumfunse zimene pepala likunena za zaka, za njira yopita ku chitsime, za mitengo ya zipatso, za manda a makolo athu, ndi za tsiku limene kampani idzachoke kapena kugulitsa malowo kwa ina. Zimene kampani yalonjeza pakamwa, monga mjigo, mlatho kapena ntchito kwa ana athu, ngati sizili m'pepala ndiye kuti kulibe.

Tsono loyayo tim'peza bwanji? Si aliyense wovala jekete ndi kunyamula chikwama pakhonde la khoti amene ali loya. Loya weniweni amakhala ndi chiphaso chogwirira ntchito chimene amachikonzanso chaka chilichonse, ndipo bungwe la maloya la Malawi Law Society limalengeza mayina a amene ali ndi ziphaso. Kumfunsa munthu chiphaso chake si chipongwe. Safunsa anadya phula. Komiti idzayesetsa kupeza mndandanda umenewu kuti ukhale m'buku la nthambi.

Ife tikuti musankhe wapafupi, ndipo kwa ife wapafupi ndiye wa ku Limbe kapena Blantyre, popeza maofesi a maloya ambiri ali m'mizinda. Nkhani ya malo siitha ulendo umodzi, ndipo ndalama ya basi yopita kutali ingathe kuposa malipiro a loyayo. Wapafupi amadziwa makomo a ofesi ya za malo, angathe kubwera kudzaona munda ndi maso ake, ndipo safuna kumfotokozera tsiku lonse kuti chikamwini n'chiyani ndi chifukwa chake malume ali ndi mawu pa munda wa mlongo wake. Koma kuyandikira kuli ndi vuto lakenso. Loya wa pafupi angakhale yemweyo amene amagwirira ntchito esiteti kapena munthu amene mukukangana naye. Mfunseni tsiku loyamba lomwelo, musanamuuze zinsinsi zanu, ngati amaimiranso mbali inayo. Woona mtima adzakuuzani, nadzakulozerani kwa mnzake.

Za malipiro tisachite manyazi monga timachitira pogula nsalu ya apongozi. Funsani mtengo ntchito isanayambe, ndipo aulembe pa pepala, asiyanitse ndalama yake ndi ndalama za Boma za msonkho wa chidindo ndi za kaundula. Ndalama iliyonse ituluke ndi lisiti lokhala ndi dzina la ofesi yake, osati kupatsira mnyamata wake pa msewu. Mukamsungitsa ndalama zogulira malo, lamulo limamlamula kuzisunga ku banki padera, osazisakaniza ndi zake. Zikalata zanu zenizeni musazisiye popanda kalata yosonyeza kuti wazilandira, ndipo kunyumba kutsale mafotokope. Loya akadya ndalama zanu kapena akagona pa ntchito, malo odandaulira ndi ku Malawi Law Society komweko. Amene alibiretu ndalama asataye mtima: Boma lili ndi ofesi ya Legal Aid Bureau, imene ntchito yake ndi kuimirira anthu osauka pa milandu, ndipo imayamba yafufuza ngati munthuyo alidi wosowa.

Pali chinthu china chimene mwambo wathu ndi lamulo la Boma zimasiyana, ndipo chapweteka ambiri. Akuluakulu amati mlandu suwola. Pa bwalo la mfumu n'zoona, mdzukulu angathe kudzutsa nkhani ya agogo ake. Koma pa malo a lizi ndi ena olembedwa m'kaundula mlandu umawola. Munthu akalowa pa malo anu, nalima, namanga poyera popanda chilolezo chanu, inu n'kungoyang'ana zaka 12, khoti lingathe kukana kumva dandaulo lanu chifukwa mwachedwa. Inu amene muli ndi abale ku Joni kapena ku Harare amene anasiya mapuloti kuno, alembereni kalata muwauze zimenezi. Ndipo ngati wina wayamba kukumba maziko pa malo anu, loya angathe kukatenga chiletso ku khoti ntchito isanapite patali. Khoma likafika pa denga mlandu umakula, ndi mtengo womwe.

Tisaiwale amasiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Nyumba kapena puloti ya lizi imene ili m'dzina la womwalira siingagulitsidwe ndi mchimwene wake chifukwa chakuti iye ndiye wasunga makiyi. Pamafunika kalata yopatsa munthu mphamvu yoyang'anira chumacho. Wogula kwa munthu wopanda kalata imeneyi wagula mlandu. Abambo amene muli ndi malo olembedwa, kulembetsa wilo kwa loya sikuitana imfa.

Tikudziwa kuti banja limodzi silingathe zonsezi palokha, makamaka pamene nkhani ikukhudza mudzi wonse, ndipo mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chake komiti ikupempha msonkhano uno kuti uvomere zinthu ziwiri. Choyamba, tikhale ndi thumba la nthambi la nkhani za malo, limene msungichuma azilemba m'buku ndi kuwerenga poyera pa msonkhano uliwonse, ndipo chopereka cha membala aliyense muchigwirizane nokha lero. Chachiwiri, membala asadinde chala pa pepala lililonse la malo asanalionetse ku komiti, kuti tione limodzi ngati ndi nkhani ya kwa gulupu kapena ya kwa loya. Loweruka likudzali tidzakhala pa sukulu kuyambira m'mawa. Aliyense amene ali ndi lizi, lisiti, kalata ya mfumu kapena pangano lililonse abwere nalo, ngakhale lodyedwa ndi chiswe, kuti tiwerenge ndi kulemba m'buku zimene tili nazo.

Wapampando, tabweza mawu kwa inu kuti anthu afunse mafunso.