Kusankha Oyilo ndi Kuwerenga Maola a Thirakitala

Mawu otsatirawa analankhulidwa kwa oyendetsa mathirakitala ndi atsogoleri a makopaletivi a m'boma lino pa msonkhano wokonzekera nyengo yolima.



Kuyambira mwezi wa Seputembala kufikira mvula yoyamba, thirakitala imodzi imadikiridwa ndi mabanja ambiri, ndipo ena mwa iwo amakhala atalipira kale. Ikaima mu Novembala chifukwa injini yanoka, sikopaletivi yokha imene imaluza. Mlimi amene munda wake sunagaulidwe amabzala mochedwa, ndipo chimanga chobzala mochedwa sichibereka ngati chobzala ndi mvula yoyamba. Chimodzi mwa zinthu zimene zimapha injini msanga ndi oyilo wosayenera, kapena oyilo woyenera amene wakhalitsa.

Oyilo ali ndi ntchito zingapo m'kati mwa injini. Amalowa pakati pa zitsulo zoyenda kuti zisakhulane, amachotsako kutentha, amatola mwaye ndi litsiro n'kuzipititsa ku fyuluta, ndiponso amateteza zitsulo ku dzimbiri. Dizilo akamapsa amasiya mwaye ndi asidi, ndipo m'oyilo muli mankhwala olimbana ndi zimenezi. Mankhwalawo amatha pang'onopang'ono injini ikamagwira ntchito. Oyilo angathe kuoneka wokwanira pa kachitsulo koyezera pamene mphamvu yake inatha kale. N'chifukwa chake kungothiramo wina pamwamba sikulowa m'malo mwa kusintha.

Pogula oyilo, wogula ayang'ane zinthu ziwiri zolembedwa pa chigubu. Choyamba ndi nambala ya SAE, imene imasonyeza kulimba kwa oyilo. Mathirakitala ambiri a dizilo amafuna 15W-40. Nambala yoyamba imanena za mmene oyilo amayendera injini ikamalizidwa kukuzizira, ndipo yachiwiri imanena za kulimba kwake injini ikatentha. Chachiwiri ndi zilembo za API. Zoyamba ndi C, monga CH-4 ndi CI-4, ndi za injini za dizilo, pamene zoyamba ndi S ndi za injini za petulo. Oyilo amene ali ndi S yekha asathiridwe m'thirakitala ya dizilo, chifukwa sanapangidwe kuti anyamule mwaye wochuluka chotero. Kaya thirakitala ndi Massey Ferguson, New Holland, Mahindra kapena John Deere, buku limene linabwera nayo ndi limene limanena oyilo woyenera, ndipo buku limeneli lisungidwe ku ofesi ya kopaletivi.

Oyilo wa injini asasokonezedwe ndi wa giya bokosi ndi hayidiroliki. Mathirakitala ambiri ali ndi mabuleki amene amagwira ntchito ali m'oyilo, ndipo akathiridwa wolakwika amayamba kulira kapena kuterera. Komanso oyilo wogulitsidwa m'mabotolo osatsekedwa m'mbali mwa msewu sadziwika gwero lake. Wogula apite kwa wogulitsa wodziwika, aone kuti chitsekerero sichinatsegulidwepo, ndipo alandire lisiti.

Nkhani yaikulu ndi nthawi yosinthira. Galimoto imawerengedwa makilomita, koma thirakitala imawerengedwa maola, chifukwa ingathe kugwira ntchito yolemetsa tsiku lonse m'munda umodzi osapita kutali. Pa mathirakitala ambiri opanga amalamula kusintha oyilo pa maola 250 alionse, ndipo pa ena atsopano amalola kufika maola 500 ngati oyilo ndi amene iwo anatchula. Injini yatsopano, kapena yongokonzedwa kumene, imafuna kusinthidwa oyilo msanga, kawirikawiri pa maola 50 oyambirira, popeza zitsulo zikamazolowerana zimasiya tizidutswa. Thirakitala yogwira ntchito maola 10 pa tsiku imakwanitsa maola 250 m'masiku 25 okha. Izi zikutanthauza kuti m'miyezi iwiri yogaula, oyilo ayenera kusinthidwa kawiri. Kopaletivi imene imati sevisi ndi kamodzi pa chaka ikuyendetsa injini yake ndi oyilo wakufa kwa theka la nyengo kapena kupitirira. Ngakhale thirakitala imene siikwanitsa maola amenewa isinthidwe oyilo kamodzi pa chaka, chifukwa chinyezi chimalowa m'injini ikangokhala.

Fumbi ndi kutentha kwa mu Okutobala zimafupikitsa moyo wa oyilo, choncho m'nyengo imeneyi n'kwanzeru kusintha maola asanakwane kusiyana ndi kupitiriza. Fyuluta ya mpweya iyang'anidwe tsiku lililonse, pakuti fumbi likalowa m'injini limadya zitsulo ngati mchenga. Oyilo atsanulidwe injini ikadali yofunda kuti litsiro lituluke naye, ndipo fyuluta ya oyilo isinthidwe nthawi yomweyo. Ngati mita ya maola inafa, ikonzedwe, ndipo podikira woyendetsa azilemba m'kope nthawi yoyamba ndi yoweruka.

M'mawa uliwonse, injini isanalizidwe, woyendetsa ayeze oyilo thirakitala ili pamalo osapendekeka. Oyilo asatsike pansi pa mzere wam'munsi, ndipo asapitirire wapamwamba. Kuda kwa oyilo wa dizilo kusadetse nkhawa, chifukwa amada msanga potola mwaye. Koma akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa, mwina kudzera pa gasiketi. Akasungunuka n'kumanunkha dizilo, kapena akamachuluka yekha, ndiye kuti dizilo akudonthera m'kati. Pa zizindikiro ziwirizi, ngakhalenso nyali ya oyilo ikayaka ntchito ili m'kati, injini izimitsidwe ndipo makaniko aitanidwe.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Gulu limene lapeza thirakitala lalandiranso udindo woisamalira. Komiti ipatule ndalama pa ekala iliyonse yolimidwa n'kuisunga padera, ndipo oyilo ndi mafyuluta zigulidwe nyengo isanayambe. Malita ochepa a oyilo ndi fyuluta imodzi sizingafanane mtengo ndi kuphwasula injini, kugula mapisitoni ndi mabering'i, n'kudikira masabata angapo mvula ikugwa. Woyendetsa amene waimitsa ntchito theka la tsiku kuti asinthe oyilo asadzudzulidwe, ngakhale mzere wa odikira utalike.

Pomaliza, oyilo wakale asatayidwe pansi, m'ngalande kapena pafupi ndi mjigo ndi mtsinje, chifukwa amaononga madzi akumwa. Asungidwe m'chigubu chotseka, kutali ndi ana ndi ziweto. Kopaletivi iliyonse ikhale ndi kope lolembamo tsiku, maola a pa mita, mtundu wa oyilo ndi dzina la wosintha, ndipo kopelo lizionetsedwa pa msonkhano wa komiti pamodzi ndi buku la ndalama.