Kuperekeza Mnzathu ku Chipatala cha Maganizo



Pa zaka zonse zimene tikukumbukira lero, ntchito yoyendera odwala sitinaitaye. Wina akagwa ndi malungo timadziŵa chochita: ufa pamutu, mtolo wa nkhuni, nyimbo ndi pemphero. Koma ilipo nthenda ina imene yakhala ikutisoŵetsa pogwira, popeza ilibe bala ndipo thupi silitentha.

Tinaiona pakati pathu pomwe. Mayi ena, bambo a kunyumba atatisiya, anatha miyezi isanu tulo osaona, nsima akungoitsina, kumunda osapita, ngakhale kusamba kumene kunaŵakanika. Ife tinkangoti alimbe mtima, ndipo ena tinafika poŵadzudzula kuti kulira kotere n'kuchepa chikhulupiriro. Achibale ankanong'ona za ufiti. Tikuvomera pamaso panu kuti tinachedwa. Tsiku limene ananena kuti kuli bwino angofa, namwino amene ali m'gulu mwathu anati, "Amayi, uku n'kudwala. Tiyeni nawo kuchipatala."

Eni ake anayamba akana. "Mukufuna mukanditsekere ku Zomba?" Mantha ameneŵa ndi athu tonse, chifukwa tikamva za matenda a maganizo timangoona chipatala cha amisala cha ku Zomba. Komatu odwala ambiri sagonekedwa n'komwe. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala ophunzira za maganizo, ndipo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God.

Tsiku loyamba silinali loopsa monga tinkaganizira. Anaŵalandira m'chipinda paokha, chitseko chotseka, nayamba kufunsa: mumagona bwanji, mumadya bwanji, zinayamba liti, kodi maganizo odzipha amakufikirani? Funso lotsirizali lisatidzidzimutse. Kufunsa sikumpatsa munthu maganizowo, koma kumammasula kuti anene. Zokambidwa m'menemo zimasungidwa mwachinsinsi, pokhapokha moyo ukakhala pangozi. Apa ife tiyenera kuchita manyazi pang'ono, popeza nkhani ikafika kwa ife Lachinayi, pofika Lamulungu yamveka ndi kumsika komwe.

Kenaka anaŵapangira masiku obwerako kukakambirana, naŵapatsanso mankhwala. Mankhwala otere sali ngati a mutu. Amatenga masabata angapo asanayambe kuthandiza, ndipo saleka munthu payekha akangoona kuti wayamba kupezako bwino. Sabata yachitatu mayi aja anafuna kusiya, akuti palibe chikusintha. Apa m'pamene operekeza anagwira ntchito yawo.

Ena anafunsa ngati pemphero lachepa mphamvu. Ai. Kumbukirani Eliya pamene anagona pansi pa mtengo napempha imfa: mngelo sanamdzudzule, anayamba wampatsa chakudya ndi madzi, namlola agonenso. Ndipo ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kumvetsera ovutika maganizo, ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo ngati ife tomwe! Chosiyana n'chakuti iwo anaphunzira kumvetsera asanalangize.

Mayi aja ali nafe muno lero, avala zoyera, ndipo ndi iwo atilola kunena zimenezi. Akupitabe kukaonana ndi adokotala kamodzi pa mwezi. Amene akufuna womperekeza aonane ndi amayi a pampando tikatuluka. Ndalama ya ulendo ichokera m'thumba lathu la odwala.