Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Maphunziro a Ochita Kafukufuku wa M'makomo

Wapampando wa mwambo uno, a Gogo Chalo ndi mafumu onse, oimira khonsolo, aphunzitsi, amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwamaliza maphunziro lero: Sinditalikitsa, chifukwa utsi womwe ukufuka kuseri kwa holoyi ndauona.

Posachedwa inu achinyamata mulowa m'midzi kukafunsa funso lomwe munthu sakonda kuyankha ngakhale kwa mlamu wake: pakhomo pano mumapeza zingati? Mayankho anu akadzasonkhanitsidwa, padzatuluka nambala imodzi yoimira boma lonse. Ndikufuna tiione bwino nambalayo.

Tiyerekeze mudzi wa makomo asanu. Loyamba limapeza K40,000 pamwezi, lachiwiri K50,000, lachitatu K60,000, lachinayi K70,000, ndipo lachisanu, la mwini chigayo, K780,000. Mukaphatikiza n'kugawa pasanu, khomo lililonse likuoneka ngati limapeza K200,000. Mukakanena zimenezo pabwalo, amayi akusekani, poti makomo anayi sanaigwirepo ndalama imeneyo. N'chifukwa chake akatswiri amandandalika makomo kuyambira losaukitsitsa mpaka lolemera, n'kutenga la pakatikati. Pano ndi K60,000. Mwini chigayo agule galimoto kapena ayi, khomo lapakati silisuntha.

Vuto n'loti sitingafike pakhomo lililonse. Timachita ngati mayi wolawa ndiwo: salawa mphika wonse, amatapako pang'ono. Koma amayamba wavundula, apo ayi alawa pomwe mchere waunjikana. Kuvundula kwathu ndiko kusankha makomo mwa maere. Ngakhale titero, maere akanagwera makomo ena, nambala ikanasiyanako. Kusiyanako kumawerengeka, ndipo katswiri woona mtima amakulemba pambali pa nambala yake.

Ku United States, komwe kuli maboma ang'onoang'ono oposa 3,000 otchedwa county, bungwe la Census Bureau limatumiza mafunso a American Community Survey kumakomo pafupifupi 3.5 miliyoni chaka chilichonse. Likamalengeza ndalama za khomo lapakati, limatchulanso malire a m'munsi ndi a m'mwamba, omwe amakonzedwa moti pa maulendo 100 aliwonse, 90 azikuta nambala yeniyeni. Los Angeles County ili ndi anthu pafupifupi 10 miliyoni, ndipo malire ake ndi opapatiza. Loving County ya ku Texas inali ndi anthu 64 okha pa kalembera wa 2020. Kumeneko mayankho a makomo awiri kapena atatu akhoza kugwedeza nambala yonse. Dera la anthu osakwana 65,000 salipatsa nambala ya chaka chimodzi kuchokera ku kafukufukuyu, amaphatikiza zaka zisanu. Pogawa ndalama zothandizira sukulu za ana osauka, amawonjezeranso zolembedwa za msonkho ndi za olandira thandizo la chakudya. Taonani, dziko lolemera chotero likuvomera poyera kuti nambala zake n'zongoyerekeza.

Kuno kwathu ntchito ndi yolimba kuposa apo. Malipiro a pamwezi ali ndi ochepa. Ambiri amadalira ganyu, geni, ndi thumba la soya logulitsa pakavuta. Ndiye ofesi ya kalembera ya ku Zomba poyeza umphawi imafunsa zomwe banja ladya m'masiku asanu ndi awiri apitawo ndi zina zomwe lagula. Kafukufuku wa m'makomo wa 2019 mpaka 2020 adafika makomo oposa 11,000, ndipo adapeza kuti Amalawi oposa theka pang'ono ndi osauka. Pa dziko lonse, makomo amenewo ndi okwanira. Koma mukawagawa boma ndi boma, lililonse limangotsala ndi mazana angapo, ndipo malire amatambasuka. Kuti muwachepetse ndi theka, muyenera kufunsa makomo ochuluka kanayi, mafuta ndi malipiro nazonso n'kukwera.

Tsono akuluakulu a khonsolo, mukamva kuti boma lathu latsika kapena lakwera pang'ono, musafulumire kuvina kapena kulozana zala. Funsani kaye malire ake. Safunsa adadya phula.

Mafumu, tithandizeni kuuza anthu kuti ana awa sakulemba mayina a olandira makuponi. Munthu akaganiza choncho amabisa mbuzi kudimba, ndipo nambala imanama.

Inu achinyamata, masamu amatha kuyeza kusiyana kobwera ndi maere, koma sangaone fomu yomwe mwadzaza nokha pansi pa mtengo wa mango chifukwa khomo lomwe mudapatsidwa lili kutsidya kwa mtsinje. Wolokani mtsinjewo. Mukapeza eni ake ali kumunda, bwereraninso madzulo. Khalani pamkeka, funsani mwaulemu, lembani zomwe mwamva, ndipo chinsinsi cha pakhomo chisatuluke pakamwa panu.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunziro ano atsekedwa. Muyende bwino.