Dzina Lisabedwe Kutsidya kwa Malire



Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti mlandu wa munda umaweruzidwa ndi mfumu ya dera limene mundawo uli. Mawu a mfumu ndi olemera, koma mphamvu yake imathera pamalire. Lamulo loteteza zizindikiro za malonda limayendanso chimodzimodzi. Dzina kapena chizindikiro chimene munthu walembetsa m'kaundula wa boma la Malawi chimatetezedwa m'Malawi mokha. Katundu akangodutsa pa Mwanza kapena pa Muloza, dzinalo limasanduka mbuzi yopanda m'busa.

Anthu a ku South Africa anaphunzira zimenezi mowawa. Tiyi wa rooibos amamera m'mapiri a Cederberg, ndipo a Khoi ndi a San ankaudziwa kuyambira kalekale. M'chaka cha 1994 dzina lakuti rooibos linalembetsedwa ku America ngati chizindikiro cha malonda cha kampani imodzi. Patapita zaka, kampani imene inatenga umwini wa chizindikirocho inayamba kulembera makalata ogulitsa tiyiyu, kuwaletsa kugwiritsa ntchito dzinalo. Eni mbewu anasanduka alendo pa dzina lawo lomwe. Mkangano unatha m'chaka cha 2005 pamene kampaniyo inalisiya dzinalo, ndalama zambiri zitathera kwa maloya. M'chaka cha 2021 mayiko a European Union anavomereza kuti dzina la rooibos ndi la tiyi wochokera kudera lakelo basi.

Nkhaniyi si yakutali ndi Chiradzulu. Nandolo wolimidwa m'minda ya kuno amakafika ku India. Mpunga wa Kilombero umafunidwa ndi Amalawi okhala ku Johannesburg ndi ku Harare. Gule wa Tchopa analembedwa ndi UNESCO m'chaka cha 2014 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ulemu umenewu ndi waukulu, koma supatsa eni gule umwini wa dzinalo pa malonda. Wamalonda wa kunja atasindikiza dzina la Tchopa kapena la kalongonda pa botolo, nalilembetsa kwawo, kulilanditsa kungafune kukatsutsa m'maofesi ndi m'makhoti a dziko lakelo, motsata malamulo ake.

Njira zodzitetezera zilipo. Yoyamba ndi ya pakhomo. Lamulo latsopano la zizindikiro za malonda la m'chaka cha 2018, limene linalowa m'malo mwa lamulo la 1957 la nthawi ya atsamunda, limalola ngakhale gulu la anthu kulembetsa chizindikiro chimodzi cha mamembala ake onse. Chitetezo chake ndi cha zaka 10, ndipo chimaonjezeredwa zakazo zikatha.

Yachiwiri ndi ya bungwe la ARIPO, limene likulu lake lili ku Harare. Kudzera m'pangano la Banjul, limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1997 Malawi ali mmodzi mwa mayiko oyambirira, pempho limodzi lokha lingathe kufika ku mayiko angapo, kuphatikizapo Zimbabwe ndi Mozambique, kumene makolo a Alhomwe anachokera.

Yachitatu ndi pangano la Madrid, limene Malawi analowa kumapeto kwa 2018. Pempho limadzera ku bungwe la WIPO ku Geneva ndipo lingatchule mayiko oposa 100. Komabe dziko lililonse lotchulidwa lili ndi ufulu wovomera kapena kukana. South Africa, kumene ana ambiri a kuno amakagwira ntchito, sali m'pangano la Banjul kapena la Madrid, choncho wofuna chitetezo kumeneko ayenera kukalembetsa ku Pretoria mwachindunji.

Chikalata pachokha sichigwira wakuba. Palibe boma limene limayendera misika ya kunja kukalondera dzina la munthu. Udindo wozonda, wochenjeza ndi wokasuma ndi wa mwini chizindikiro. Apa ndi pamene ana a mudzi okhala kunja amakhala maso a abale awo: akaona dzina la kwawo pa katundu wachinyengo, alijambule, asunge lisiti, nadziwitse a kumudzi msanga.

Bungwe la chikhalidwe, limene limasunga nyimbo ndi magule, lingathenso kusunga mayina. Liwerenge zizindikiro zimene zili pa nsalu yake, mayina a zakudya ndi ntchito za manja za amisiri ake, lisankhe zofunika koposa, lizilembetse wina asanatero. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Makolo anasiyira adzukulu awo mayina abwino popanda pepala. Mbadwo uno uli ndi ngongole yowasiyira ana ake mayina omwewo pamodzi ndi zikalata zake.