Njinga Ikaphwa pa Njira

Munthu akagula njinga yace yoyamba, cimene aphunzira msanga ndico kupalasa ndi kukhota; za mpira saganizako konse, kufikira tsiku limene njinga imphwera pa njira. Tsikulo limafikira wokwera ali yense, ndipo kawiri kawiri limafika pamene munthu ali ndi cangu. Wogulitsa nsomba wocokera ku Kaculu, m'mphepete mwa nyanja ya Cirwa, ali ndi mamailosi pafupi-fupi 20 akuti apalase asanafike ku msika wa ku Zomba, ndipo nsomba zaziwisi sizilinda munthu. Akataya maora awiri pansi pa mtengo alikulimbana ndi cubu, adzapeza ogula atabalalika, nsomba zitayamba pfungo, ndipo phindu la ulendo wonse latha ndi kaciboo konga kuboola kwa singano. Nanji bambo amene wanyamula mwana wodwala kunka naye ku cipatala.

Okwera atsopano ambiri amayesa kuti kubooka kwa mpira ndi tsoka cabe, longa kupunthwa cala pa mwala. Amisiri okonza njinga adziwa kuti si kutero ai. Ciboo ciri conse ciri ndi cimene cinaciboola, ndipo maonekedwe ace ndi malo ace zimaulula cinthuco kwa munthu wodziwa kupenya. Womata ciboo asanadziwe cocititsa cace adzamatanso kaciwiri dzuwa lisanalowe.

Gudumu la njinga liri ndi mipira iwiri. Wa kunja, wolimba, wokhudza pansi, ndiwo tayala; wa m'kati, wofewa, wosunga mpweya, ndiwo cubu. Njinga zakale zinali ndi mpira wouma wopanda mpweya, wosabooka konse, koma wogwedeza mafupa a wokwera. M'caka ca 1888 John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto wa ku Belfast, analembetsa ku boma mpira wopopa umene anayamba kuupangira kanjinga ka mwana wace. Mipira yace yoyambayo inali yomatirira ku mkombero, ndipo kuikonza kunali nchito yotopetsa. M'caka ca 1890 Charles Welch wa ku England anatulukira tayala lokhala ndi waya m'milomo mwace, pamodzi ndi mkombero wokhala ndi kangalande pakati pace. Njinga zonyamula katundu, zija za magudumu a mainci 28, zitsata mapangidwe omwewo kufikira lero, ndipo kangalande kameneka ndiko kamalola munthu kubvula tayala ndi kulibvekanso pa njira popanda mmisiri.

Njinga ikaphwa, mwini wace asathamangire kubvula tayala. Ayambe wayesa valavu, kacitsulo kaja kolowetsera mpweya. Valavu ya njinga zambiri za katundu ndi ya mtundu umene anautulukira C. H. Woods m'caka ca 1891, ndipo zambiri za mtundu uwu ziri ndi kampira kakang'ono m'kati, kobvekedwa pa kamtengo ka citsulo. Kampirako kamatha mphamvu ndi kutentha, kenaka kamang'ambika. Kuyesa kwace nkosabvuta: munthu apope pang'ono, napake malobvu pa kamwa ka valavu. Thobvu likatupa ndi kuphulika, cubu ciribe mlandu, cofunika ndi kampira katsopano basi. Anthu ambiri abvula tayala lonse pa dzuwa, thukuta liri kamu kamu, cifukwa ca kanthu kamene akadakasintha pa mphindi imodzi.

Valavu ikapezeka yabwino, pamenepo tayala libvulidwe. Sikufunika kucotsa gudumu la kumbuyo, cifukwa kumasula unyolo ndi zitsulo za mabuleki kumadya nthawi, ndipo wosazolowera amalephera kuzibwezera. Agoneke njinga pa malo opanda minga, atulutse mpweya wotsala, amasule kanati kogwira valavu ku mkombero. Atatero afinye tayala ndi manja kuzungulira gudumu lonse kuti milomo yace igwere m'kangalande kaja; waya ukagwera m'menemo tayala limakhwepa, ndipo mlomo umodzi umatuluka msanga ndi zitsulo ziwiri zobuntha. Zogwirira za masupuni zimathandiza ngati zitsulo zace palibe. Mpeni, msomali kapena citsulo ciri conse cosongoka zisayandikire cubu, pakuti wofuna kukonza ciboo cimodzi amatsiriza nazo zitatu.

Atulutse cubu pang'ono pang'ono, koma valavu aisiye m'malo mwace, kuti cubu cikhale cogundana ndi tayala monga momwe cinakhalira poyenda. Kutero kudzamthandiza posacedwa. Apope cubu kufikira citatupa, nacizungulitse pafupi ndi khutu kapena mlomo, pakuti mlomo wa munthu umamva kamphepo kamene khutu silikamva. Pali madzi, m'mbale kapena m'khwawa, amize cubu cigawo cigawo ndi kuyang'ana potuluka thobvu. Apapeza alembepo ndi coko kapena pensulo, ndipo apitirire kuyesa cubu conse, popeza minga siyenda yokha yokha.

Tsono pano ndipo pamene wokwera watsopano asiyana ndi wodziwa. Watsopano akaona ciboo amatsegula sulushoni pomwepo. Wodziwa amayamba wafunsa kuti ciboo ciri mbali iti, ndipo caoneka bwanji.

Kaciboo kamodzi kozungulira, ka ku msana kwa cubu, mbali yoyang'ana pansi, ndi nchito ya munga, msomali, kawaya kapena galasi losweka. Cobayaco kawiri kawiri cimatsala m'tayala momwemo, cothyokera m'kati, cosaoneka kunja. Munga wa mthethe kapena wa kankhande umathyoka molingana ndi mpira, nsonga yace yokha nkutulukira m'kati, ndipo umadikira cubu cokonzedwaco kuti ucibayenso. Cifukwa valavu iri m'malo mwace, munthu angathe kulondola malo a tayala oyang'anana ndi ciboo, nayendetse cala m'kati mwace mosamala, kapena kansaru kofewa kamene kamakodwa pa nsonga. Cobayaco cikankhidwe kucokera m'kati kuti citulukire kumene cinalowera. Munthu amene wabooledwa katatu pa tsiku limodzi amadandaula kuti njira iri ndi minga yambiri, cikhalireco munga ndi umodzi womwewo.

Tiziboo tiwiri tating'ono, totalikirapo, toyandikana monga mano a njoka, sitinacitike ndi munga ai. Timeneti ndi umboni wakuti tayala linali lofewa. Gudumu lofewa likagunda mwala, muzu, kapena mphepete mwa dzenje, tayala limaphwanyika kufikira mkombero utaluma cubu mbali zonse ziwiri. Mlandu wa ciboo cotere uli pa mwini njinga, ndipo umakula pamene wamanga matumba a cimanga kapena makala pa kaliyala, kapena wakweza mnzace, osaonjezera mpweya. Kung'ambika kwa pa tsinde la valavu nako kumadza ndi tayala lofewa, limene limaterereka pa mkombero ndi kukoka cubu. Valavu yopendekeka ndiyo cenjezo lace. Malo amenewo samatika bwino, ndipo nthawi zambiri cubu cotere catha nchito.

Ciboo cikakhala ku mimba kwa cubu, mbali yoyang'ana mkombero, cobaya ciri m'gudumu momwemo. Mitu ya masipoko imaphimbidwa ndi lamba wa mpira kapena wa nsaru wozungulira mkombero; lambayo akaduka kapena kusuntha, citsulo cimakhudza cubu. Sipoko lotalika lipalidwe ndi tupa, dzimbiri licotsedwe, ndipo lamba watsopano angadulidwe ku cubu cakale. Cubu cikaphulika ndi phokoso, nicing'ambika mokula, ndiye kuti tayala lang'ambika m'mbali, kapena mlomo wace unapana cubu pobveka.

Kumata kwenikweni ndi nchito yocepa, koma ndi pamene cangu cimaononga zambiri. Malo ozungulira ciboo aumitsidwe, napalidwe ndi sanipepa kapena mwala wokhakhala kufikira kunyezimira kwa mpira kutatha, pa malo okula koposa cigamba. Zala zisakhudzepo, pakuti mafuta a m'manja amaletsa kumata. Sulushoni apakidwe wopyapyala, ndipo asiyidwe aume monga mphindi zisanu, kufikira ataleka kunyezimira. Apa ndipo pamene ambiri amalakwa, poyesa kuti sulushoni ndi phala lakuti ligwire lidakali lonyowa, ndi kuti wambiri agwira koposa. Cigamba coikidwa pa sulushoni wonyowa cimaoneka cogwira, koma mpweya umadziboolera njira pansi pace gudumu likatentha. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mphindi zisanu zimenezi ndizo nthawi yabwino yofufuzira munga m'tayala. Sulushoni atauma, cigamba ciikidwe ciboo ciri pakati, nicipsinjidwe kolimba ndi cala cacikulu kuyambira pakati kunka m'mphepete. Zigamba zogula ku sitoro zimagwira koposa zodula ku cubu cakale, cifukwa ziri ndi mpira wofewa ku mimba wogwirizana ndi sulushoni. Wodula yekha adule cozungulira, copanda ngondya, acipale ndi kucipaka sulushoni naconso. Pomariza awazepo pfumbi losalala kapena coko kuti cubu cisamatirire ku tayala.

Pobweza cubu apopemo mpweya pang'ono kuti cisapindike. Mlomo wa tayala ubwezedwe ndi manja okha ngati nkotheka, akufinyiranso waya m'kangalande. Zitsulo pobveka ndizo zimaluma cubu cimene cangokonzedwa kumene. Akankhire valavu m'kati pang'ono kuti tsinde lace lisapanidwe, aone kuti yaima cilili, ndipo ayang'ane mbali zonse ziwiri ngati cubu sicikusuzumira pansi pa mlomo wa tayala. Akatero apope kolimba.

Kupopa kolimba kumeneku ndiko kumaletsa ziboo zambiri zisanacitike. Cubu, cingakhale catsopano, cimataya mpweya pang'ono pang'ono kupyolera mu mpira womwewo, cotero tayala liyesedwe ndi cala m'mawa uli wonse munthu asanakwere. Cala cikalowa, mpweya wacepa. La kumbuyo likhale lolimba koposa, popeza ndilo lisenza wokwera ndi katundu wace. Ena amaopa kuti tayala lolimba liphulika ndi dzuwa, koma opanga amalemba m'mbali mwa tayala muyeso wa mpweya umene liyenera kulandira, ndipo okwera ofika pa muyesowo ndi pampu ya m'manja ndi owerengeka. Madzulo nkwabwino kuzungulitsa gudumu ndi kuzula minga ndi timiyala tisanalowe kwathunthu. Njinga isaime pa dzuwa masiku ambiri, ndipo mafuta a unyolo ndi parafini zisadonthere pa mpira, pakuti zimaufewetsa ndi kuuoletsa. Tayala limene mizere yace yafafanizika, nsaru ya m'kati niyamba kuonekera, lisinthidwe. Kulisunga nkutaya ndarama pa macubu. Pa njira za m'midzi, pamene anthu adula minga yochingira minda ndi makola, wanzeru amatsika ndi kunyamula njinga mapazi owerengeka.

Ciripo cizolowezi ca kumanga malo obooka ndi luzi la mpira, kapena kupakira udzu m'tayala. Zimenezi zingamfikitse munthu ku mudzi wapafupi usiku utamgwera, ndipo pa zotere palibe womdzudzula, koma cubu comangidwa cimadumphitsa gudumu, ndipo udzu umaphwanyika msanga. Coipa koposa ndico kukwera njinga yophwa. Mailosi imodzi yokha ikwanira kudula cubu, kuthyola mbali za tayala ndi kupinda mkombero, ndipo mtengo wa zitatuzi uposa kutari mtengo wa kabokosi ka zigamba. Kabokosi kameneko, ndi pampu, zitsulo ziwiri zobvulira tayala, sipanala ndi timipira tiwiri ta valavu, zikhale pa njinga masiku onse. Sulushoni akatsegulidwa amauma m'kabotolo mwace ngakhale atsekedwe, cotero woyenda ulendo wautari ayambe wamfinya pa khomo asananyamuke, aone ngati akutulukabe.