Kutseka Ma App mu Foni ya M'manja: Zomwe Zimapulumutsa Batire ndi Megas

Pulogalamu ya lero ikufotokoza chizolowezi chomwe chafala pakati pa eni mafoni ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga, chotsegula ndandanda ya ma app omwe agwiritsidwa ntchito posachedwa n'kuwakankha onse ndi chala, poganiza kuti batire ikhalitsa. Ma app ndi timapulogalamu ta m'foni, monga WhatsApp, Facebook ndi TikTok, ndipo app imatchedwa yogwira ntchito mseri pamene mwini foni waichotsa pamaso koma iyo ikulandirabe mauthenga, ikukoka zithunzi kapena ikufufuza komwe foniyo ili.

Foni iliyonse ili ndi malo osungira zinthu kwa kanthawi otchedwa RAM, momwe imaika ma app amene angotsegulidwa kumene kuti akafunikanso asachedwe kubwera. Ambiri mwa ma app a pandandanda ija amakhala atagonekedwa, sadya batire, ndipo RAM ikadzadza, dongosolo loyendetsa foni, lomwe m'mafoni a Itel, Tecno ndi Samsung ndi Android, limadzichotsera lokha amene atenga nthawi osakhudzidwa. Munthu akaikankha app yogona, foni imayenera kudzaidzutsa kuyambira pachiyambi, ndipo purosesa, yomwe ndi kachipangizo kochita ntchito zonse za foni, imadya moto wochuluka kuposa ikadangoisiya, monga mmene kuzimitsiratu mbaula n'kuikolezanso kumathera makala ambiri kusiyana ndi kukwirira moto ndi phulusa. M'chaka cha 2016, Craig Federighi wa kampani ya Apple ndi Hiroshi Lockheimer wa ku Google, aliyense payekha, anatsimikiza kuti kutseka ma app mwa njira imeneyi sikuthandiza batire.

Vuto lenileni lili pa ma app ochepa amene sagona, ndipo awa amapezeka mosavuta. M'mafoni oikidwa Chipwitikizi, mwini foni amalowa pa Definições, pamene mafoni ena amalemba Configurações, n'kusankha Bateria, pomwe foni imaonetsa app iliyonse ndi gawo la batire lomwe yadya. App imene ili pamwamba pa ndandandayi pamene mwini wake sanaitsegule tsiku lonse ndiyo yoyenera kuletsedwa kugwira ntchito mseri. Kuyambira pa Android 6.0 ya m'chaka cha 2015, foni yosiyidwa pansi osakhudzidwa imadzigoneka yokha mwa njira yotchedwa Doze, ndipo Android 7.0 ya 2016 inabweretsa Poupança de dados, chomwe chimatsekereza ma app ambiri kudya intaneti mseri.

Chotsirizachi n'chofunika kwambiri kwa mayi wogulitsa nyemba ndi mbatatesi pamsika wa Chiuaula, yemwe amagula megas, ndiye kuti muyeso wa intaneti wolipiriratu, ku Movitel, Vodacom kapena Tmcel, n'kudabwa kuti atha asanafike masana. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala WhatsApp yomwe imadzikokera yokha zithunzi za m'magulu a kumpingo ndi a pabanja, mavidiyo a Facebook amene amayamba okha, komanso Play Store pamene yaloledwa kukonzanso ma app pogwiritsa ntchito megas. Zonsezi zimazimitsidwa m'makonzedwe a app iliyonse, koma posiya WhatsApp ndi chilolezo cholandira mauthenga, popeza kuiletsa kotheratu kumachedwetsa uthenga wa kasitomala. Amene amalandira ndalama pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh ayeneranso kusiya app ya mauthenga a SMS ili yomasuka, chifukwa chitsimikizo cha malipiro chimadzera mmenemo.

Ilipo nthawi imene kutseka app kuli koyenera, monga pamene yauma osayankha, pamene foni yatentha ili m'thumba, kapenanso pamene app ya mapu kapena ya nyimbo ikugwirabe ntchito mwini wake atamaliza nayo. Zikatero, batani la Forçar paragem limaiimitsa kotheratu mpaka itatsegulidwanso. Mafoni a RAM yochepa, monga a 1 GB kapena 2 GB, amapepukidwa akachotsedwa ma app osagwiritsidwa ntchito ndi kuikidwa ang'onoang'ono monga Facebook Lite, pamene ma app odzitcha oyeretsa foni nthawi zambiri amangoonjezera malonda ndi kudya batire yomweyo imene amalonjeza kuisunga. Paulendo wa ku Metangula kapena ku Mandimba, m'malo momwe netiweki ndi yofooka, foni imathera mphamvu pofunafuna nsanja ya netiweki, choncho kuzimitsa intaneti panjira ndi kuchepetsa kuwala kwa galasi kumathandiza kwambiri.

Omvera akupemphedwa kuti madzulo ano atsegule gawo la Bateria m'mafoni awo, aletse ma app awiri kapena atatu amene akudya kwambiri, ndipo otsalawo awasiyire foni iwayendetse yokha.