Ukwati Womangidwa pa Matenda Obisidwa

Lero tikambirane nkhani imene imathetsa nzeru ankhoswe ndi atsogoleri a mipingo: munthu wazindikira, ukwati utachitika kale, kuti mnzake anamubisira matenda aakulu kapena kusabereka. Kodi ukwati wotere ungafafanizidwe?

Ine ndikuti chogwetsa ukwatiwo ndi bodza, osati matendawo. Malamulo a Mpingo wa Katolika a mu 1983 amalongosola bwino mfundoyi. Ndime 1084 imati kusabereka pakokha sikuletsa ukwati. Koma ndime 1098 imati munthu akapusitsidwa dala kuti avomere, pa chinthu chimene chingasokoneze kwambiri moyo wa m'banja, ukwatiwo sunamangike n'komwe. Choncho bwalo la mpingo silikhala likulekanitsa anthu okwatirana, limangolengeza kuti chivomerezo chenicheni panalibe. Munthu sangavomere chimene anabisiridwa. Ndipo amene sankadziwa yekha kuti akudwala sanapusitse aliyense.

Ena afunsa kuti, nanga si analumbira kuti adzapirirana ngakhale pa matenda? Zoona, ndipo lumbiro limenelo ndi lolemera. Limamanga amene mnzake wadwala ali kale m'banja, limamanganso amene anauzidwa zonse n'kunena kuti ndikukufunabe. Koma wobisa uja anamulanda mnzake mwayi wosankha, ndiye sangabwere n'kumukumbutsa lumbiro limene analipeza mwachinyengo.

Ena akuti maganizo amenewa akolezera kusalana, makamaka kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV. Mantha okanidwa ndi enieni, sindikuwapeputsa. Komabe lero munthu womwa ma ARV mokhulupirika, kachilombo n'kufika posaonekanso m'magazi, sapatsira mnzake pogonana, ndipo mabanja otere amabereka ana athanzi. Kubisa ndiko kumaika mnzako pangozi, chifukwa wobisa amamwa mankhwala mozemba, mwina kudumphitsa kumene. Kukayezetsa limodzi chinkhoswe chisanachitike kumateteza onse awiri.

Amene zakuchitikirani, dziwani kuti chigamulo cha mpingo sichikhudza katundu kapena chisamaliro cha ana. Zimenezo kuno ku Malawi n'za khoti, motsatira lamulo la maukwati la mu 2015. Sonkhanitsani umboni wakuti mnzanuyo ankadziwa ukwati usanachitike, monga mboni kapena mauthenga a pafoni, ndipo kafunseni wodziwa malamulo msanga, chifukwa kukhalabe limodzi nthawi yaitali mutadziwa kungafooketse dandaulo lanu.